Chimbale cha Apongozi M'munda wa Mpendadzuwa

Apongozi anga aamuna anali mphunzitsi wopuma ku Pembamoyo. Chuma chawo chinali wailesi ya masipika awiri yoyendera sola, ndi zimbale za nyimbo za azungu zopanda mawu. Mlendo akabwera ankamukhazika pakati penipeni pa masipikawo.

"Tsinzinani," ankatero. "Mavayolini ali kumanzere, malipenga kumanja. Mwamumva woliza chitoliro akukoka mpweya?"

Ine ndinkamvera panja, mwana ali kumsana, kudikira kuti wina ayambe kuimba.

Mbalame zitavuta pa mpendadzuwa, ndinaona anzanga akupachika zimbale zakale m'minda kuti kunyezimira kuziopseze. Posesa m'nyumba mwa apongozi ndinatenga chimbale cha chikuto chong'ambika, poyesa kuti chinatha ntchito, ndikukachipachika kumunda. Sindinaganize kuti chinang'ambika chifukwa chochigwiragwira.

Lamulungu apongozi anachifuna mpaka pansi pa matiresi, kenaka anafunsa amuna anga kuti, "Amake Chisomo sanachione?" Ndinali pakhomo pomwepo. Kwathu mtengwa sayankha apongozi maso ndi maso, ndiye ndinabisala m'mwambowo. Ndinagwada, ndikupukusa mutu.

"Basi, ndine," anatero apongozi. "Mutuwu wayamba kutha."

M'mawa ndinathamangira kumunda. Chinali chitapindika ndi dzuwa, mbalame zikudya pafupi pomwepo mopanda mantha. Ndinachikwirira pachulu.

Kuchokera tsiku limenelo apongozi anasiya kudzikhulupirira. Makiyi onse anapereka kwa amuna anga. Apongoziwo anamwalira chaka chatha, ndipo mpaka pomaliza akandituma kanthu ankayamba ndi kupepesa: "Mundikhululukire mayi, mwina ndanena kale."