Pechi wa m'ngalande ya ku Maryhill

Ndinakulira m'mbali mwa Shire, ndipo mbedza ndinaidziwa ndisanagwire cholembera. Kuno ku Glasgow nzeru imeneyo ilibe ntchito. Ndimasambitsa ndi kudyetsa okalamba a eni ake, basi. Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno. Homuweki yake inkandikanika, Chingerezi changa ankachikonza pamaso pa anthu m'basi, ndipo ndikamulankhula Chichewa ankandiyankha m'Chingerezi chothamanga cha kuno chija. Ndinkangofuna chinthu chimodzi choti tsiku lina adzati, ichi anandiphunzitsa ndi adadi.

Kuseri kwa mafulati athu ku Maryhill kumadutsa ngalande yakale, madzi ake ngati tiyi wopanda mkaka. Loweruka lina dzuwa litatikumbukira, ndinagula ndodo yowedzera yotchipa, n'kukumba nyongolotsi kuseri kwa mabini, n'kumutenga mwanayo. Nthawiyo anali akadali ku pulayimale. Nyongolotsi anakana kuigwira, koma pomwe ndinkamanga mbedza anandiyang'anitsitsa zala, osaphethira. Ndinamulonjeza kuti ulendo wotsatira ndidzamuphunzitsa mfundo yomangira mbedzayo, yomwe nanenso anandiphunzitsa ndi bambo anga.

Sipanatenge nthawi, chingwe chinagwedezeka. Ndinamusiyira ndodo kuti akoke yekha.

"Adadi, yagwira! Yagwira!" anakuwa, m'Chichewa chenicheni. Mtima wanga unadumpha kuposa nsombayo.

Inali yachikasu, ya mizere yakuda m'nthiti, zipsepse zofiira, minga ili njo pamsana. Kuno amaitcha pechi. Ndinaichotsa pa mbedza, n'kuimenyetsa mutu pamwala kuti isavutike, n'kuiponya m'jumbo. Kwathu timatero. M'mutu mwanga inali itakazingidwa kale, ndipo ndinkamuona mwanayo akuuza amayi ake kuti ndiwo za lero wagwira ndi iye.

Chapafupi panali mkulu wina wachizungu, wa chipewa chophwatalala, nayenso akuwedza. Anadzuka n'kubwera. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, tikanakalipirana ngati amuna. Koma ine sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada pafupi ndi mwana wanga, n'kumuuza mofatsa kuti nsomba za m'ngalandemu sizidyedwa ndipo siziphedwa: ukagwira umaijambula, kenako umaibwezera m'madzi. Anawonjezera kuti mwina adadi ako sadziwa.

Mwanayo anandiyang'ana ngati wandipeza ndikuba. Anatsegula jumbo akulira, n'kuibwezera nsombayo m'madzi. Nsomba yakufa ingasambire? Inangoyandama chagada, mimba yoyera ili poyera. Mbalame ya kunyanja, imodzi mwa zija zimang'amba zinyalala m'tauni muno, inatsika n'kuinyamula tonse tikuona. Mbalame ndiye imaloledwa kudya, ine ayi.

Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindinavomereze. Kubaya nsomba pakamwa chifukwa chongosangalala, kuitulutsa m'madzi ikupuma movutikira, kuijambula n'kuitaya kuti wina adzaibayenso mawa, chimenecho akuti ndi chifundo. Kuipha kamodzi n'kudyetsa banja akuti ndi nkhanza. Anthu omwewo Lachisanu madzulo amakhala pamzere kugula nsomba ndi tchipisi. Koma ndinalankhula chiyani? Ndinangoti pepani, monga ndimanenera tsiku lililonse kuntchito. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Pobwerera mwanayo anayenda patsogolo, osafuna kuyandikana nane. Ulendo wotsatira uja sunachitike. Ndikati tiye kungalande, ankati ali ndi homuweki.

Koma kuwedza sanakusiye. Mkulu uja anali ndi kagulu kophunzitsa ana a m'deralo, ndipo amayi a mwanayo anamulembetsa. Pano ndi mtsikana wamkulu, ali ndi ndodo zake zodula, ndipo pabalaza pathu pali chithunzi chake atanyamula pechi wamkulu ngati mkono wanga. Ndodo yanga ija ili kuseri kwa wadirobu.

Chaka chatha ndinamupeza patebulo akukonza zingwe zake. Ataona kuti ndaima, anandiitana mokoma mtima, m'Chingerezi, kuti ndibwere andionetse mmene amamangira mbedza, monga anamuphunzitsira mkulu uja. Anazunguliza chingwe, n'kuchinyowetsa ndi malovu, n'kukoka.

Inali mfundo yomweyo ya bambo anga. Ndinamuuza kuti ndi yokongola, n'kupita kukavala yunifolomu.