Mmene Siliva Anadyera Waya

Pakhonde pa sitolo ya nsalu, pakati pa telala ndi wosoka nsapato, pali kathebulo ka miyendo itatu ndi theka. Theka linalo ndi lomanga ndi waya. Mwini wake ndi a Waya, amene akhala pamenepo zaka makumi atatu akukonza mawotchi, magalasi, maambulera ndi zipi za zikwama. Chilichonse mungabweretse, amachitembenuza kawiri, n'kutsokomola, n'kupisa dzanja m'chitini chawo cha mawaya. Ndi munthu wabwino mtima, koma makani okha anachita kubadwa nawo.

"Palibe chimene waya sangamange," amatero. "Ukwati wokha ndi umene ndinamanga ndi siliva." Akatero amaimika chala, kuonetsa mphete imene inakanirira kalekale chala chitanenepa. Sopo analephera kuivula, mafuta ophikira nawonso anagonja.

Akazi awo amasita zovala za anthu m'kachipinda kuseri kwa malo ochapira, mmene nthunzi simachoka ndipo thukuta limangoti kamukamu kuyambira m'mawa. M'khosi mwawo mumakhala katcheni ka siliva ka malemu mayi awo. Pogawana katundu, abale anatenga makina osokera ndi mabulangete, iwo n'kusankha kameneka, chifukwa ndi kamene ankakaseweretsa ali pamiyendo pa mayi awo. Sankakavula ngakhale posamba.

Tsiku lina kangowe kokolera katcheniko kanathyoka.

"Bambo a ana, kagulireni kena ka siliva kwa mnyamata wa mphete uja kutsidya kwa msewu," anatero mayiwo.

"Ine? Kukagula kangowe kwa mwana wadzanadzanali? Kapatseni kuno."

Anadula kawaya ka buleki ya njinga, n'kukapinda mokongola ndithu, pakuti luso lokha sitingawamane. Patapita masabata atatu, kolala ya bulauzi yoyera ya mayiwo inaoneka ngati yatayikiridwa tiyi. Kawaya kaja kanali katachita dzimbiri, katalala ngati tsitsi. A Waya anadabwa, chifukwa kotsalira kake kanali m'chitini kali phuliphuli, kopanda banga.

"Mawaya a masiku ano ngabodza," anaweruza motero, n'kusenda nthambo yamagetsi, kutengamo waya wa aluminiyamu. "Uyu ndiye sachita dzimbiri. Mudzandiuza."

Sanachitedi dzimbiri lofiira. Anangofumbwa mwakachetechete, kusanduka kaufa kotuwa, ndipo Lachinayi lina masana mayiwo atagwira pakhosi anapeza palibe kanthu. Anasiya simbi ili chiimire. Anakutumula malaya onse amene anasita kale, anapinda maondo kusuzumira pansi pa thebulo, anapisa dzanja mpaka mu ngalande ya madzi a sopo. Mayi wosalira wamba uja, amene sanakhetse msozi ngakhale tsiku limene simbi inawawotcha mkono, analira mokweza ngati maliro a mayi awo ayambiranso. Anzawo anakapeza katcheniko dzuwa litapendeka, katabisala m'kati mwa nsalu yoyala pabedi imene mwini wake anali atafika kale pakhomo kudzatenga.

Mayiwo sanapite kunyumba. Analunjika pakhonde paja n'kukaika pathebulo, patsogolo pa telala ndi wosoka nsapato yemwe.

"Mayi anga mwafuna kuwataya kawiri," anatero ndi mawu otsika. "Mukaikanso waya, ndikupita nako kutsidyako ndekha, ndipo ndikanena kuti amuna anga zawakanika."

A Waya sanatsokomole. Manyazi anawagwira, komanso chisoni, chifukwa maso a mayiwo anali otupa.

M'mawa mwake anapita kwa mlamu wawo, mlongo wa mayiwo, amene amakonza mabatire a galimoto m'kagalaja konunkha asidi. Anthu awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse chikhalire, ndipo amakondana chifukwa cha chimenecho. Mlamuyo anamvetsera, anayang'ana kaufa kotuwa kamene kanatsalira pa tcheni, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala.

"Alamu, mwamupangira mlongo wanga batire pakhosi! Mukanangoikapo kababu, bwenzi akuunikira njira."

"Lankhulani zomveka, alamu."

"Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana, pakati pake n'kulowa madzi amchere, mphamvu yamagetsi imayamba kuyenda. Thukuta si mchere? Ndiye chimodzi chimadyedwa, chinacho chili phee. Siliva ndi bwana, sadyedwa ndi kawaya kanu. Amadya ndi iyeyo. Komanso tcheni n'chachikulu, kawaya n'kakang'ono, ndiye kudya konse kuja kumangounjikana pa kawayako. M'chitini mwanu kawaya kali bwino chifukwa kali kouma ndipo palibe bwana pafupi."

"Nanga waya wa kopa?"

"Achedwerapo, koma mlongo wanga adzakhala ndi khosi lobiriwira. Siliva amafuna siliva mnzake, basi. Safunsa anadya phula, alamu. Pitani kutsidya."

A Waya anabwerera pang'onopang'ono. Anaima m'mbali mwa msewu, kuyang'ana chitseko chagalasi cha mnyamata wa mphete. Mwendo unakana kuwoloka. Zaka makumi atatu asanagulepo chokonzera kwa munthu! Anakhala pathebulo pawo n'kuyamba kugogoda chala pathabwa monga amachitira akamaganiza, ndipo chimene chinkalira pathabwapo ndi mphete.

Telala ndi amene anagwira pulayazi, atafunsa katatu konse ngati a Waya ali bwinobwino m'mutu. Mphete inati tswa, n'kusiya mzere woyera pachala, malo amene dzuwa linali lisanawaone zaka zonsezo. A Waya anaisula ndi kahamala, kuipala ndi tupa, kuipinda, tsiku lonse osalandira ngakhale ambulera imodzi. Kangowe kamene kanatuluka pamenepo kanali kokulirapo, kosafanana ndi ka kusitolo, koma ukakakola kankati kete.

Madzulo anawaveka okha mayiwo, ali chiimire pakati pa balaza. Mayiwo anakakoka kawiri, n'kupita pagalasi, n'kukatembenuzira kutsogolo kuti akaone bwino.

"Kameneka ndi ka siliva. Mwawoloka msewu?"

"Sindinawoloke."

Mayiwo anawayang'ana kumaso, kenaka kumanja. A Waya anayesa kubisa dzanja m'thumba, koma anachedwa.

"Mphete ija ili kuti?"

"Ili pakhosi panupo. Yagwirizira mayi anu."

Mayiwo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kufwenthera.

"Ndiye muziyenda chala chili mbee, kuti azimayi obweretsa maambulera aziyesa mulibe mwini?"

Anapisa dzanja m'thumba la jekete la amuna awo, mmene simusowa waya, n'kutulutsa kawaya ka buleki ya njinga. Anagwira chala chija n'kukulungapo kawiri pa mzere woyera uja, mokhotakhota, nsonga yake ikubaya. A Waya, mmisiri wa zaka makumi atatu, anaona zolakwika zinayi pa ntchitoyo, koma sanatchule ngakhale chimodzi.

"Iyi ichita dzimbiri, mayi a ana," anatero.

"Ikachita mudzabwera kwa ine. Ndidzakuikani ina."