Mazenera a atelala a pakona

Zoti atelala a pakona aja amabisa mwamuna m'nyumba ndi bodza, ngakhale inenso ndinkalakalaka zitakhala zoona. Inde, mazenera awo satsegulidwa, ndipo ming'alu yonse anaitseka ndi tizidutswa ta nsalu totsala posoka. Koma ndi mwamuna uti angapirire kutentha kumeneko?

Mayiwa anafika kuno atasenza makina osokera, mwana wamkazi ali kumsana, fakitale yosungunula mabatire isanamangidwe kuseri kwa nyumba zathu. Eni fakitaleyo amakhala kumtunda, kumene utsi sufika. Lero mwana uja akamapuma, pachifuwa pamalira ngati kamphaka.

Loweruka lililonse atelala amazula tinsalu tija, titada bii, n'kukatimangirira pageti la fakitale.

"Alamu, mwayambanso kuyanika zovala pano?" amatero mlonda.

"Abwana anu akabwera muwauze anunkhize," amayankha atelala. "Inunso mukutsokomolatu, alamu."

Mlondayo amangoseka, koma tinsaluto satimasula. Tsopano azimayi ena ayamba kubweretsa makatani awo, moti getilo likuchita kulemera.

Atelala amatseka mazenera kuti mwana wawo azipuma.