Mpando Wachisanu ndi Chimodzi

Mpaka lero ndikamva fungo la kachewere wongokumbidwa kumene, dothi lidakali pakhungu pake, mtima wanga umabwerera ku nyengo yozizira imene bambo ankafuna kugula galimoto. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala m'mapiri pakati pa Lizulu ndi Nzama, kumene nkhungu imagona m'minda mpaka dzuwa litakwera. M'mawa zala zinkauma ndi chisanu, milomo inkang'aluka, ndipo tinkadzola mafuta ophikira m'miyendo kuti isatuwe. Pakhonde panali matumba a kachewere osanjikizana mpaka kudenga, osokedwa kukamwa ndi luzi, kudikira tsiku la msika.

Pakhomo tinalipo asanu: bambo, mayi, achimwene anga a Madalitso, ineyo, ndi mng'ono wanga Chikondi. Mayi anali oyembekezera, mimba itakula kale. Chikondi anabadwira m'ngolo panjira yopita kuchipatala, ng'ombe zikuyenda mwaulesi wake, ndipo bambo analumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso. Chaka chimenecho kachewere anachita bwino. Bambo anaphunzira kuyendetsa natenga laisensi, ndipo ankatiuza malamulo a pamsewu ngati katekisimu. "Pa rodibuloko apolisi amawerenga mitu," ankatero. "Mpando umodzi, munthu mmodzi. Yanga sidzakhala minibasi."

Kuzizira kutangoyamba, kunabwera azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo. Ankakhala ku Manjawira, kumene anali ndi kagolosale, ndipo ana awo onse anali aamuna. Anatibweretsera mpunga wonunkhira womanga pansalu. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusankha mbewu ya kachewere pamene ndinawamva akulankhula ndi mayi. "Mlamu, nyumba yadzaza iyi, wina ali m'njira. Ndipatseni Tadala ndizikakhala naye." Tadalayo ndi ine. Ndinadikira kuti mayi akane. Iwo anangoti, "Tiona, mlamu, tikambirana ndi achimwene anu."

Ndinkadziwa atsikana awiri a m'kalasi mwathu amene anatengedwa ndi achibale, ndipo sanabwerenso. Koma ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Mlendo akandilonjera ndinkayankhira pansi, ndipo kufunsa munthu wamkulu funso kunali ngati kunyamula thumba lathunthu ndekha. Choncho sindinafunse aliyense. Ndinangomeza nkhaniyo.

Patapita sabata, a Saidi, amene anali ndi sitolo ku Lizulu komanso ankapezera anthu magalimoto, anabweretsa yoyamba kuti bambo aione. Inali yofiira ngati phwetekere wakupsa, yaing'ono, yogwada pansi, yonyezimira moti nkhuku zinkajompha zithunzi zawo pachitseko. M'kati munkanunkhira ngati maswiti. A Saidi atatsegula wailesi, phokoso lake linkagunda pachifuwa, ndipo achimwene anga anayamba kuvina pabwalo. Bambo ndinali ndisanawaone akuseka chotero. Ankaisisita ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa.

Ine ndinasuzumira pazenera n'kuyamba kuwerenga malamba a mipando. Kutsogolo awiri, kumbuyo atatu. Kenako ndinapinda zala: bambo, mayi, a Madalitso, Chikondi, khanda likubweralo. Dzanja linatha. Ine ndinalibe chala. Ndinabwereza kuyambira kwina, koma zinali chimodzimodzi. Pamenepo ndinamvetsa, mwa nzeru zanga za nthawi imeneyo, kuti nkhani ya ku Manjawira yatha kale, ndipo galimoto ija akuigula yokwana amene atsale.

Masabata otsatira ndinagwira ntchito ngati munthu wamkulu. Ndinkasesa bwalo nkhungu isanachoke, ndinkatunga madzi kawiri, ndinkasambitsa Chikondi ngakhale asanade, kuti aone kuti popanda ine pakhomo sipangayende. Diresi langa la kutchalitchi, lachikasu, ndinalibisa pansi pa thumba la mbewu m'nkhokwe, poganiza kuti sanganditumize kwa eni ndilibe chovala chabwino. Chakudya chinkandikanika. Mayi ankandigwira pamphumi kufuna kumva ngati ndili ndi malungo, koma thupi silinali lotentha.

Galimoto yofiira ija inabweranso kuti bambo aiyese pamsewu wathu. Powoloka kamtsinje inakhula mimba pamiyala, ndipo a Saidi anatseka maso ngati akhula iwowo. Bambo anauza amuna anzawo kuti yagwada kwambiri, komanso matumba sangalowemo. Koma pamene inkabwerera anaima pamsewu kuiyang'ana mpaka fumbi litatha. Ine sindinasangalale. Ndinkadziwa kuti idzabwera ina, ndipo magalimoto onse aang'ono amene ndinawaonapo anali a mipando isanu.

Tsiku la msika tonse tinapita ku Lizulu. Kunali piringupiringu, milu ya kabichi ndi karoti mbali zonse ziwiri za msewu, fungo la chipisi ndi utsi wa malole, azimayi a ku Mozambiki akuitanira malonda. Kutsogolo kwa sitolo ya a Saidi tinapeza azakhali atakhala pabenchi, chikwama pamiyendo. Anati abwera kudzagula anyezi wa kugolosale, koma anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti ndatalika. Ndinabisala kumbuyo kwa mayi.

Pambali pa sitolo panaima galimoto yotuwa, yaitali msana, yooneka ngati buledi. Achimwene anga anakwinya nkhope. Koma chitseko chake sichinkatseguka ngati zina, chinkatsetsereka cham'mbali, ndipo Chikondi anachikankha katatu akukuwa ndi chimwemwe. A Saidi ataliza injini, m'wailesi munamveka mawu a mzimayi akulankhula chilankhulo chakutali. Chikondi anagwada pang'ono n'kuyankha kuti, "Tili bwino, kaya inu?" Anthu onse anaseka, ngakhale mayi anagwira mimba akuseka. Ine ndinali kale pazenera. Kutsogolo iwiri, pakati itatu, kumbuyo malo opanda kanthu oika matumba. Isanu basi. Misozi inayamba kundiwotcha m'maso.

"Tadala, wapeza ingati?" Anali mawu a bambo, pafupi ndi khutu langa. Sindinkadziwa kuti ankandiona. Ndinangotambasula zala zisanu.

"A Saidi, tamuonetseni mwanayu," anatero bambo.

A Saidi anakankhira kutsogolo mipando ya pakati ija, n'kupisa dzanja pansi pake ngati akufukula kachewere. Anatulutsa mpando wopindika, nauwongola, ndipo unakhala kumbuyo kuja ndi lamba wake. Anapisanso mbali ina natulutsa wina. "Werenganso," anatero bambo. Ndinapinda zala zonse za dzanja lamanja, ndipo ndinafunika kubwereka ziwiri kumanzere.

"Uwu wa pazenera ndi wako," bambo ananena mokweza, koma maso ali pamatayala. "Winawo ndi wa achemwali anga. Akamusowa Tadala tizikawatenga ku Manjawira, adzacheze, tizikawatulanso."

Azakhali analuma milomo. Kenako anawomba m'manja kamodzi. "Inu achimwene, mukanangonena kuti mwakana! Mpaka kugula galimoto?" Anaseka, koma m'maso mwawo munali madzi. Analowa movutikira n'kukhala pampando wawowo, mawondo atafika pachifuwa, nandikokera pafupi nawo.

Pobwerera kunyumba azakhali anabwera nafe. Njala inandigwira moti ndinadya chipisi changa ndi theka la cha Chikondi. Pakamtsinje paja galimoto inawoloka osakhudza mwala. Kumbuyoko kunkadumpha kwambiri, ine ndi azakhali tinkagundana mitu n'kumaseka. Mwezi wotsatira mayi anachira mwana wamwamuna kuchipatala ku Nzama, pabedi, osati m'ngolo. Diresi lachikasu analipeza nthawi yobzala, makoswe atadya mkono umodzi. Mayi analiyang'ana, anandiyang'ana, ndipo sanandikalipire.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti galimoto ija ndiyo inandipulumutsa, kuti mipando ikanakhala isanu ndikanakulira ku Manjawira. Zoona zake mayi anandiuza nditabereka mwana wanga woyamba. Iwo ndi bambo anagwirizana zokana tsiku lomwelo azakhali anapempha. Koma bambo ndi amanyazi ngati ine, sakanatha kuyang'ana mlongo wawo wamkulu m'maso n'kunena kuti ayi. Tsiku loyamba la galimoto yofiira anandiona ndikupinda zala pazenera, ndipo m'mawa mwake anapita kwa a Saidi kukawauza kuti afune ya mipando yambiri, ngakhale ikhale yosaoneka bwino. Yofiirayo amaitchulabe mpaka pano ikadutsa yofanana nayo.

Tsopano ndili ndi ana awiri, ndipo wachitatu ali m'njira. Wamkulu ndi mtsikana wachete. Ndikamuona ataima pambali, milomo ikuyenda, zala zikupindika chimodzichimodzi, sindidikira tsiku la msika. Ndimasiya zimene ndikuchita, ndimakhala pansi pafupi naye, n'kumufunsa kuti wapeza zingati.