Kalata Imene Melker Anabisa

Anzanga, Melker ndinakumana naye pamalo odikirira basi mumzinda wa Umeå, chisanu chikuluma makutu. Diso langa lamanzere linali lomatidwa bandeji. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati amene ndinamenyana nayeyo akadali moyo. Ndinamuuza kuti ndi khansa ya m'diso, ndipo ndewu sinathe. Manyazi anamugwira mpaka basi yake inamusiya, n'kukandigulira khofi wopepesera.

Madokotala anali atasokerera kachitsulo ka radiation, kowotcha chotupa, kuseri kwa disolo masiku anayi, kenako n'kukachotsa. Chotupa chinafota. Ndinali ndi zaka 24, digiri ya zomangamanga ili m'manja, mtima ukufuna kugwetsa theka la tauni n'kumanganso mwatsopano. Iye anali wofatsa, wosadziwa kukweza mawu. Ankanditcha Bwana Tuva, ine ndinkamutcha Kamba. Chaka chisanathe tinali m'nyumba imodzi.

Koma radiation siiwala munthu...

Patatha zaka zitatu, mizere ya pa mapulani anga inayamba kupindika. Dokotala anati timitsempha ta m'diso timene tinapsa nthawi ija tayamba kuchucha. Mankhwala ake ndi jakisoni wa m'diso mwenimwenimo, milungu isanu iliyonse, osadumphitsa. Tsiku lopitira amakutumizira pa kalata. Bokosi la makalata ankatsegula ndi Melker, poti ankagwirira ntchito kunyumba.

July itayandikira, banja lawo linayamba kumanga katundu wa kukanyumba kawo ka pachilumba, kumene amakathera holide. Zaka makumi atatu palibe amene anajombako, ndipo amayi ake, a Gunnel, amanyadira zimenezo ngati mendulo. Boti limafikako kawiri pa mlungu. Ine ndinati sindisuntha kalata isanabwere.

“Palibe, Bwana,” ankatero tsiku lililonse. “Waiwala kuti July dziko lonse limagona?”

Ndinaimba kuchipatala kawiri, makina n'kumandiuza kuti antchito ambiri ali pa holide. Ndinatukwana, n'kukwera boti.

Milungu inayi ndikuthyola tizipatso ta m'tchire, kudya nsomba zamchere ndi mbatatesi, pakati pa diso langa pakudera ngati pagwera inki. Melker ankati ndi dzuwa chabe. Ndili komweko ndinalemba post ija ya pa intaneti yonyoza chipatala, ena mwa inu munaigawa. Mukudziwa amene anandithandiza kuilemba? Melker yemweyo. Anati ndime yachiwiri ndiwonjezere moto.

Titabwerako ndinapita kuchipatala popanda kuitanidwa, n'kumenya tebulo la nesi. Mayi uja anangotembenuza kompyuta kuti ndione ndekha: kalata inatumizidwa pa 24 June, tsiku langa linali 8 July, ndipo pambali panalembedwa kuti sindinabwere.

Dokotala anandijambula diso. Anati pakati pa diso pachita chipsera, ndipo sipadzaonanso. Jakisoni tipitiriza, koma cholinga tsopano n'chakuti disolo lisatupe mpaka kulichotsa.

Kunyumba ndinangomufunsa kamodzi. Sanakane. Anatsegula bokosi la zipangizo za njinga n'kutulutsa kalatayo, yotsegula kale.

“Ndinaona ngati milungu inayi si kanthu,” anatero. “Ukanati tibwerere kumtunda, amayi akanakhumudwa, iwe ukanawayankha... Ukundidziwa, Tuva, ine mikangano sindiitha.”

“Ndiye unapereka diso langa kuti amayi ako adye mbatatesi mwamtendere?”

Analira. Ndinamuyang'ana akulira ndi diso limodzi limene wandisiyira, ndipo chisoni sichinabwere ngakhale pang'ono.

Mawa lake a Gunnel anaimba. Anati mwana wawo sakudya, ndipo nkhani ngati izi anthu akuluakulu amakambirana modekha. Kenako anandifunsa kuti, “Koma lamanjalo likuona bwinobwino, si choncho mwanawe?”

Ndinadula foni.

Post ija ndinaichotsa, ndipo nesi uja ndinakamupepesa pamaso pa anzake. Ndinkafuna kusintha chipatala chonse, pamene wondilakwira ndinkadya naye mbale imodzi. Kuntchito ndikujambulabe, koma ndikapita kumalo omangira ndimaponda masitepe ngati nkhalamba, poti kutalika kwa zinthu sindikuyezanso bwino. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse amandiunika chiwindi kuti aone ngati khansa sinasamukire kumeneko. Makalata onse tsopano amafika m'manja mwanga.

Melker akulembabe mauthenga, akuti sanafune kupweteka aliyense. Bodza limenelo, anzanga. Munthu woopa mkangano amapweteka anthu ngati wina aliyense, kungoti amayamba wasankha amene akuganiza kuti adzamukhululukira. Anasankha ine, ndipo analakwitsa.