Wailesi ya Pansi pa Kansalu Koluka

Titapuma pantchito, anzanga ena anayamba kuweta nkhuku, ena kulalikira m'mabasi. Ine ndinayamba kutola mawailesi akufa oimba zimbale za sidi. Nthawi imeneyo Lusaka yense anali atasamukira kale pa foni, mawailesi aja akungotayidwa ngati nsapato zothina, koma ine ndikaona imodzi itagona pamulu wa zitsulo, mtima unkandiwawa.

Ndinkawakonzera pa thebulo lodyera kwathu ku Chelstone. Matenda ake si ambiri. Ina imakana kutulutsa kathireyi koikapo chimbale, ndipo pamenepo dziwani kuti kamphira kozunguza magiya katha ntchito, kasanduka phala. Ina imalandira chimbale mwaulemu, n'kuchizunguza kawiri, kenako n'kukuuzani kuti mulibe kanthu. Imeneyo ndiye kuti kadiso kowerengera nyimbo kachita fumbi, ndipo kathonje konyowetsa ndi sipiliti kamachiza. Ina imaimba mwachibwibwi, ikungopempha kadontho ka mafuta pa kanjanji koyendapo kadiso kaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, basi. Yochokera ku Kabulonga ndinaitsegula n'kupezamo mudzi wathunthu wa mphemvu, ndipo ndinakondwa sabata yonse podziwa kuti nazonso nyumba za mipanda italiitali zimaweta.

Chomwe chinkandikoma kwambiri n'chakuti wailesi zambiri zimafa chimbale chili m'mimba. Ndinali ndi lamulo langa: sindinkayang'ana zolembedwa pa chimbalecho, ndinkadikira kuti khutu lindiuze zomwe eni nyumba ankamvera tsiku lomwe wailesi inatsirizika. Ya abusa ena a ku Woodlands itadzuka inaphulika rumba, ndinachita kutseka mawindo.

Timphira tatsopano sitinkapezeka m'masitolo, ndiye ndinkaba timphira takuda tomwe akazi anga amamangira tsitsi. Atatulukira, anayamba kubisa timphirato.

Tsono akazi angawo analinso ndi wailesi yawo. Inkakhala pamwamba pa kabati pabalaza, yofundidwa ndi kansalu koyera koluka okha. M'kati mwake munatsekeredwa chimbale cha kwaya ya ku Kabwata, komwe ankaimba tisanasamuke. Kwayayo inajambulitsa kamodzi kokha, zimbale zowerengeka, ndipo woyambitsa nyimbo yachitatu anali iwowo. Chaka chomwe kathireyi kanafa ndi chomwenso anachitidwa opaleshoni ya pakhosi. Mawu awo anatsika n'kusasa, ndipo analeka kuimba, ngakhale pochapa.

"Imwe, wailesi yanga ija muzaiona liti?" ankandifunsa.

"Mailo, amayi," ndinkatero, kutanthauza mawa. Mawa limenelo linatha zaka zinayi.

Anthu ndinkawauza kuti ndatanganidwa, koma zoona zake ndinkaopa. Chimbale cha mlendo ukachikanda umangopepesa. Ichi chinali chimodzi chokha, ndipo sindinkadziwa kuti nkhope ya akazi anga idzatani akadzamva mawu omwe salinso pakhosi pawo. Choncho ndinkangodutsa pa kabati paja maso ali pansi.

Odwala anga ambiri ndinkawatenga m'tauni kwa bambo wina wokonza mawotchi, Msilamu yemwe makolo ake anachokera ku Malawi. Anali ndi kabenchi m'khonde la sitolo pafupi ndi msika, ndipo akapeza wailesi yakufa ankandisungira pansi pa kabenchiko. Lachisanu lina ndinamupeza akupinda zida kuti azipita ku mzikiti.

"Muli shani, ba mdala! Mwachedwa, patient wanu alipo," anatero, akutulutsa wailesi yakuda m'thumba la saka.

Ndinaitembenuza uku ndi uku. Yosamalika, yopanda ndi fumbi lomwe. Nditaigwedeza pang'ono ndinamva chimbale chikuti gwedegwede m'kati.

"Achimwene, mwine wake wakamba chani?"

"Ni amayi ena. Ati dokotala ali naye pa nyumba, koma dokotala ali busy maningi, alibe nthawi."

Ndinaseka mpaka anthu odutsa anacheuka. Ndinamulalatira dokotala ameneyo pakhonde pomwepo. Ndinati amuna ena ndi katundu chabe m'nyumba, ntchito ya mphindi makumi awiri mpaka mkazi kunyamula wailesi kubwera nayo m'tauni! Bambo uja ankangokonza chipewa chake n'kumavomera kuti, "Zoona, ba mdala, zoona." Ndinkaganiza kuti akuseka nane.

Ndinakwera nayo minibasi nditaifungata ngati khanda. Kunyumba ndinapeza akazi anga ali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Masiku onse ndikalowa ndi wailesi ankati, "Mwabweletsa malilo ena." Tsiku limenelo anangoiyang'ana, n'kubwerera ku nyemba zawo. Pa thebulo lodyera, pakatikati penipeni, panali kamphira kakuda ka tsitsi. Ine, chitsiru cha munthu, ndinathokoza Mulungu kuti aiwala kubisa.

Ndinamasula masikulu asanu ndi limodzi, n'kuvundukula. Matenda omwe aja: kamphira kakale kanali katasungunuka n'kumata magiya. Ndinapala phalalo ndi kamtengo ka machesi, n'kupukuta ndi sipiliti, n'kukoleka kamphira ka tsitsi. Ndinapukutanso kadiso ndikuliza kakhweru, pajatu chimbale chinali cha eni. Potsatira lamulo langa sindinachiyang'ane. Nditalumikiza magetsi n'kudina batani, kathireyi kanatuluka myaa, ndinakabwezera, chimbale chinayamba kuzungulira.

Nyimbo yoyamba inali ya kwaya. Ndinati, eya, amayi aja ndi opemphera. Yachiwiri itayamba, ndinaleka kakhweru kaja, chifukwa wa ng'oma ankathamanga pang'ono kuposa oimba, ndipo ine ndinkadziwa munthu mmodzi yekha ku Kabwata woimba ng'oma choncho. Kenako inabwera yachitatu. Mawu a mayi mmodzi, okwera, oyera, anayamba okha anzawo asanalowe.

Ndinacheukira ku kabati. Kansalu koluka kanali pomwepo, kofunda bwinobwino chinthu cha ngodya zinayi. Ndinapita n'kukavundukula. Inali katoni ya nsapato zanga.

Zaka zinayi ndikudutsa pamenepo, chomwe ndinkachidziwa chinali kansalu, wailesi ndinali nditaiwala maonekedwe ake.

Akazi anga anali ataima pakhomo, lichero lili m'manja. Sanandiyang'ane. Maso awo anali pa wailesi yosavala chivundikiro ija, pa kamphira kawo, pa chimbale chikuzungulira. Ndinafuna kuzimitsa, chifukwa nkhope yomwe ndinkaiopa ija inali itafika ndithu: misozi ikugwera mu nyemba.

"Osagwila," anatero.

Ndinabweza dzanja. Ndime yoyamba inatha. Pa yachiwiri ndinamva mawu ena m'chipindamo, otsika, osasa, akuyenda pansi pa mawu a mu wailesi, pamalo pomwe amaimba azibambo. Anali iwowo. Mayi wa pakhomo ankaimbira limodzi ndi mayi wa mu chimbale, ndipo ankagwirizana. Ndinalira, sindibisa, sikuludalaivala ili m'manja.

"Osalilila pa mawaya, muzagwidwa na malaiti," anatero nyimbo itatha, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Munaipeleka liti ku tauni?"

"Masabata atatu apita. Achimwene aja anali kudabwa ati simubwela."

"Mwati anakuuzani zamene nakamba?"

"Ananitumila foni mukalibe kukwela basi. Ati mwakamba kuti amuna ena ni katundu."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinayamba kufotokoza kuti ndinkaopa kukanda chimbale, kuti ndinkaopa kuwaliza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena mofatsa kuti zimenezo ankazidziwa kalekale, n'chifukwa chake anaganiza zoti wailesiyo isanduke ya mlendo. Kulira, anati, anali akulira kale zaka zonsezo, kungoti popanda nyimbo.

Anakhala pampando wanga, n'kukankhira pambali odwala anga onse, n'kundiuza kuti ndiibwereze yachitatu ija. Isanayambe analoza kukhitchini, komwe chitseko chinali chikulendewera pa hinjesi imodzi kuyambira dzinja.

"Manje chitseko chija nizachinyamula bwanji pa minibasi?"

Ndinachikonza madzulo omwewo, iwo akuimba pabalaza.