Matenda amene ndinawatcha mwano

Inu owerenga, dzanja lamanja la mwana wanga linapsa pamoto, ndipo amene anamuika pafupi ndi motowo ndine bambo ake. Sindinaledzere, sindinapenge. Ndinachita zimenezi ndili bwinobwino, nditamanga tayi, ndikukhulupirira kuti ndikulera mwana. Dzina langa ndi la sukulu yanga sinditchula, koma nkhaniyi ndiinena monga mmene inachitikira, kuti wina amene ali ndi mutu wouma ngati wangawu aone kumene njira imeneyi imakathera.

Kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza ku Rumphi kukakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Bolero. Ndinapita ndi mkazi wanga ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, Tiyamike, amene pa nthawi ya nkhaniyi anali mu Sitandade 6. Kumpoto kuno ndinapeza anthu ophunzira. Ukakhala pabenchi kutchalitchi, kumanja kuli namwino wopuma ntchito, kumanzere kuli munthu amene agogo ake anaphunzira ku mishoni, ndipo Chizungu chimatuluka m'kamwa mwawo ngati anachiyamwa. Anandilandira bwino, ndisaname, mpaka anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Koma mumtima ndinali ndi kampikisano kangakanga. Ndinkafuna aone kuti wa ku Dedza naye nyumba yake ndi ya mwambo, ndipo umboni wanga unali Tiyamike.

Kunyumba kwanga kunali malamulo. Kusamba m'manja ndi sopo ukachoka kuchimbudzi, kugona m'neti, kumwa madzi otetezedwa. Mwana akaitanidwa ayankhe kuti wawa nthawi yomweyo. Nyimbo ya fuko ikamveka, ngakhale pa wailesi, aliyense asiye chimene akuchita aimirire. Zimenezi si zoipa, ndipo lero lomwe ndingakuuzeni kuti muzizichita. Ndinkaziphunzitsa pa asembule, ndinkazilowetsa mu ulaliki, mpaka aphunzitsi anzanga ananditcha a Ukhondo. Ankanena kumbali, koma zitandifika ndinasangalala, osadziwa kuti akundiseka.

Kenaka Tiyamike anayamba zachilendo. Mukucheza naye, ankangoti duu, maso tong'o kukhoma, milomo ikutafuna zopanda kanthu, zala zikutosatosa mpendero wa diresi. Umuitane, zii. Pakapita kanthawi kochepa ankabwerera n'kupitiriza nkhani pamene anaisiyira. Ndikamufunsa chifukwa chimene sanandiyankhire, ankati sindinamuitane. Kwa ine amenewo anali machimo awiri pa kamodzi, mwano ndi bodza. Ndinathyola nthambi ya bulugama n'kuiika kuseri kwa chitseko. Mavesi onena za kulanga mwana ndinkawadziwa pamtima, ndipo ndinkawonjezera kuti mmera mpoyamba.

Tsiku lina mayi busa anabwera kudzationa. Tiyamike anagwada kuti apereke moni. Mayiwo anatambasula dzanja nanena kuti, "Monire, mwana wane." Mwana uja anangowayang'ana ngati akuyang'ana chitsa, dzanja lawo lili m'malere. Iwo anaseka n'kunena kuti mwina watopa. Ine ndinasekanso nawo, ndinawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo pobwerera ndinalunjika kuseri kwa chitseko.

Madzulo ake mkazi wanga anandiuza motsitsa mawu kuti, "Abambo a Tiya, uwu si mwano. Malume anga ankayamba chonchi asanayambe kugwa." Ndinamudula. Ndinamuuza kuti mawu amenewo asadzatulukenso m'nyumba ya mkulu wa mpingo.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, inu owerenga, chifukwa ndikanatha kunama kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa. Mwina osati zonse, koma mtima unali utandiuza kale. Kumudzi kwathu ndinakula ndikuona mmene munthu wa matenda a khunyu amakhalira: mbale yakeyake, mphasa yakeyake, ana anzake akumuthawa, akakula wopanda womufunsira. Ndinaganiza za anthu a pabenchi aja akunong'onezana kuti kwa a hedi kuli matenda akugwa. Mwano umachoka ndi chikoti, koma matenda amenewa amamatirira pa dzina la banja. Ndiye pa ziwirizo ndinasankha mwano. Chipatala chinali pafupi, denga lake linkaoneka ukaima pabwalo la mpira, koma mwana wanga sindinamupititseko.

Kutatsala pang'ono kuti lifike tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, sukulu za m'dera lathu zinagwirizana kudzachitira chikondwerero pa sukulu yanga. Kunabwera alendo ochokera kuboma, makolo ndi ana ochuluka. Wokweza mbendera ndinasankha ndine, ndipo ndinasankha Tiyamike. Mkazi wanga anandipempha kuti ndiike mwana wina, koma ine ndinali nditaona kale mmene anthu adzawombere m'manja.

Kunali mphepo yozizira yochokera ku Nyika. Tonse tinaimirira, nyimbo ya fuko inayamba, mbendera inayamba kukwera bwinobwino. Itafika pakati pa mtengo, Tiyamike anati duu. Chingwe chinapulumuka m'manja mwake, mbendera inatsetsereka n'kugwera pafumbi. Iye anangoima pomwepo, maso ali gwa, mkodzo ukutsika m'miyendo mpaka m'masokosi oyera amene ndinamugulira chifukwa cha tsikulo. Ana anafa nako kuseka. Mlendo wochokera kuboma anawerama n'kumayang'ana nsapato zake. Bambo wanzeru akanathamanga kukamufunditsa jekete mwana wake. Ine ndinathamangira mbendera, n'kuikuntha fumbi.

Pasukulu sindinamugwire, poti malamulo salola. Kunyumba ndinamukwapula mpaka nthambi inatha. Ndinkamuuza kuti wanyoza dziko, wanyoza Mulungu, wanyoza bambo ake. Iye ankangobwereza kuti, "Ababa, sindikukumbuka." Mawu amenewo ankandipsetsa mtima kwambiri. Kenaka ndinagamula chilango: mpaka teremu ithe, m'mawa uliwonse azikasonkheza moto kukhitchini ya sukulu, kumene amayi a m'midzi amasinthana kuphika phala la ana. Ndinati utsi umuphunzitse kudzichepetsa.

Mkazi wanga anagwada pamaso panga. Anati, "Mulangeni ndi china chilichonse. Atunge madzi, asese bwalo lonse, alime. Koma pamoto ayi, abambo a Tiya, pamoto ayi." Ndinamvetsa bwinobwino chimene ankatanthauza. Ndinamuyankha kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Masiku oyamba iye ankazemba n'kukaima pafupi ndi mwanayo kukhitchini kuja. Nditamupezako ndinamuthamangitsa pamaso pa amayi anzake, ndikuti ndiye amene akumulekerera mwana.

M'mawa wina ndili mu ofesi ndinamva kukuwa. Ndinathamangira kukhitchini. Amayi ophika aja anali ataima patali mozungulira, ena atatseka mphuno ndi zitenje. Tiyamike anali pansi, thupi lonse likuphiriphitha, thovu lili kukamwa, dzanja lamanja lili m'kati mwa nkhuni zoyaka pansi pa mphika waukulu uja. Sankalira. Pankamveka fungo limene sindikufuna kulifotokoza. Palibe amene anamukoka. Mayi wina atandiona anakuwa kuti, "Musamukhudze, a hedi! Ni vizilisi, zimapatsirana chomene!" Vizilisi ndi mmene amatchulira khunyu kuno.

Ndipo ine ndinaima. Ndilembenso kuti mumve: ndinaima. Ine wophunzira, ine wa sopo ndi neti, ine amene ndinkapemphera mokweza kuposa onse. Nditaona thovu lija, mantha a kuubwana, akuti malovu a munthu wakugwa akakukhudza nawenso uyamba kugwa, anandigwira miyendo. Kanali kanthawi kochepa, koma moto sudikira. Mkazi wanga, amene anachokera kunyumba, kutali kuposa ofesi yanga, anafika n'kundikankha ngati akukankha chitseko, n'kumukoka mwanayo m'chiuno. Juzi ya nayiloni imene mwanayo anavala chifukwa cha kuzizira inali itasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Tinamukweza pikapu ya munthu wina mpaka kuchipatala cha ku Bolero, ndipo kumeneko anatitumiza ku chipatala chachikulu cha kuboma. Adokotala atasamalira chilonda anayamba kufunsa. Kodi mwanayu amakhalapo duu osayankha? Amatafuna milomo? Zinayamba liti? Mkazi wanga ndiye anayankha zonse. Za nthambi ya bulugama sanatchule. Koma adokotala aja poyeza mwanayo anaona mikwingwirima kumiyendo, anandiyang'ana, n'kupitiriza ntchito yawo. Anatiuza kuti kungoti duu kuja kunali kukomoka kwakung'ono, kuti pa nthawi imeneyo mwana samva ndiponso sakumbuka kanthu, kuti matendawa sapatsirana ngakhale pang'ono, komanso kuti mankhwala ake alipo, timapiritsi ting'onoting'ono, taulere.

Tiyamike atatsitsimuka anayang'ana uku ndi uku, n'kundiona ndaima kumiyendo kwa bedi. Ndinkayembekeza kuti alira kapena atembenukira kukhoma. Iye anayesa kudzuka, n'kunena kuti, "Pepani ababa, phala lapserera?" Ndinatuluka panja. Ndinakalirira kuseri kwa wodi, pamene amayi osamalira odwala amayanika zovala.

Anakhala m'chipatala nthawi yaitali. Potsuka chilonda ankaluma chitenje cha amayi ake. Dzanja linapola, koma linapola mopindika. Zala zitatu zinamatirirana, ndipo chikhatho sichitambasuka. Anayambiranso kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, mtsikana amene makope ake ndinkawaonetsa kwa alendo.

Titabwerera, manyazi amene ndinkawathawa aja anatipeza ndithu, ndipo anagwera iye. Makolo ena analetsa ana awo kukhala naye desiki imodzi. Kapu imene wamwera anzake ankaikankha ndi phazi. Ena ankanena ali pomwepo kuti wakugwa akangopsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso. Limenelo ndi bodza, chifukwa chiyambire kumwa mankhwala sanagwenso, ndipo kuti duu kuja kunatha. Koma ndingawadzudzule bwanji anthu amenewa, pamene anandiona ndi maso awo nditaima?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti palibe amene anandilanga. Kutchalitchi anatipempherera, anati ndi chiyeso, anandigwira dzanja n'kunena kuti ndalimba mtima chomene. Ukulu wa mpingo ndinautula ndekha, ndipo anandinyengerera kuti ndisatero. Mkazi wanga sanandisiye, amandiphikira, amandichapira, koma kuseka kuja tinkaseka kunatha. Mankhwala a mwana amasunga yekha. Ndikafunsa ngati wamwa, amangoti, "Wamwa," osandiyang'ana. Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma kwathu wosamva ndinali ine ndipo nkhwangwa inagwera mwana.

Tsono inu makolo anzanga, makamaka inu okonda mwambo ndi ulemu ngati ine, ndikukupemphani. Phunzitsani ana anu kuyankha akaitanidwa, kulemekeza akulu, kukonda dziko lawo. Koma mwana amene anali womvera akasintha mwadzidzidzi, musathamangire kuthyola nthambi, yambani mwafunsa chimene chamuchitikira. Akakuuzani kuti sakukumbuka, mwina akunena zoona. Akamati duu osayankha, mutengereni kuchipatala, ndipo musamusiye yekha pamoto kapena pamadzi. Munthu akagwa pamaso panu, mukokeni pangozi, mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa. Malovu ake sangakuchiteni kanthu. Ndipo inu amuna, mkazi wanu akagwada kukupemphani za mwana, dziwani kuti waona chimene inu mukukana kuona. Anthu amene mukuopa kuti anena, anena ndithu, kenaka apita kwawo kukadya, inu mutsala ndi mwana wanu.

Yunifolomu ya Tiyamike ili ndi mabatani kumsana, ndipo ndi dzanja limodzi sangathe kuwamanga. Amamumanga ndi amayi ake. Koma iwo akalawirira kuchigayo, amabwera pakhomo la chipinda changa n'kuima mpaka ndimuone. Amati, "Ababa, ngati simunatanganidwe mundithandizeko." Amatembenuka, ndipo ndikangokweza manja kuti ndigwire batani loyamba, mapewa ake amanjenjemera. Ndikamaliza amandiuza kuti zikomo.